Kabolodi Sikanapse: Kuthetsa Mavuto a Driver, Compiler ndi Chip cha Wailesi pa Masensa

Chiyambire kumangirira masensa pa matanki a madzi ndi pa mijigo ya ku Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa kuno ku Harare, sabata siitha popanda mnyamata wobwera ndi kabolodi ka zamagetsi koyendetsa sensa m'jumbo, nkhope ili yakugwa, n'kunena kuti, "Amalume, kapsa aka." Ndikakaika pa tebulo, kawirikawiri kamakhala kali moyo ndithu. Chimene chimavuta n'chakuti zinthu zitatu zasiya kumvana: chip chimene chili pa bolodi, driver kapena laibulale yochiyankhulitsa, ndi toolchain, ndiye kuti compiler pamodzi ndi zida zonse zosandutsa zimene mwalemba kukhala pulogalamu yolowa m'chip. Chimodzi chikasintha inu osadziwa, zonse zimaima. Zimandiwawa kuona ana akutaya ndalama ya kombi, ena kufika pogula bolodi ina, pa vuto loti likanatha m'mphindi khumi.

Musanayese chilichonse, jambulani bolodi ndi foni pamalo owala, kulitsani chithunzi, ndipo lembani m'kope zimene zadindidwa pa ma chip atatu: chachikulu, cha pafupi ndi khomo la USB, ndi cha wailesi. Dzina limene wogulitsa analemba pa paketi musalidalire. Ndipo pokonza, sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenako china.

## 1. Kompyuta sikuiona bolodi

Nyali ya pa bolodi yayaka, koma port, njira imene kompyuta imayankhulira ndi bolodi, siikuoneka. Yambani ndi choyambacho, musadumphe.

1. Chingwe. Zingwe zambiri zobwera ndi tochi kapena power bank zili ndi mawaya a moto okha. Lumikizani foni ndi chingwe chomwecho. Kompyuta ikapanda kuona zithunzi za m'foni, chingwecho n'chongotchajira.
2. Driver wa chip cha USB. Pa Windows, tsegulani Device Manager muone ngati pali chizindikiro chachikasu. Pa Linux lembani `lsusb`. Nambala 1a86:7523 ndi CH340 ya WCH, 10c4:ea60 ndi CP2102 ya Silicon Labs, 0403:6001 ndi FT232R ya FTDI, ndipo 1a86:55d4 ndi CH9102. Chomalizachi chimasokoneza ambiri chifukwa maonekedwe ake amafanana ndi CP2102, koma driver wake ngwa WCH. Tengani driver kwa opanga chip enieniwo.
3. Chilolezo pa Linux. Mukaona "Permission denied" pa `/dev/ttyUSB0`, dzina lanu silili m'gulu la `dialout`. Lembani `sudo usermod -aG dialout $USER`, tulukani, lowaninso. Pa Arch gululi limatchedwa `uucp`.
4. Port ikuoneka n'kusowa nthawi yomweyo. Pa Ubuntu 22.04, pulogalamu ya `brltty`, yothandiza anthu osaona kuwerenga ndi makina a Braille, imalanda CH340 poganiza kuti ndi makina akewo. `sudo dmesg` ikuonetsani dzina lake. Ngati palibe wogwiritsa Braille pa kompyutayo, ichotseni.
5. Adaputala yakale ya PL2303. Windows yatsopano imalemba kuti PL2303HXA inasiyidwa kuyambira 2012. Musataye tsiku lonse kusaka driver wakale, gulani ya CP2102 kapena CH340.

Mabolodi ena a ESP32-C3 ndi ESP32-S3, ma chip aakulu a m'banja la ESP32, alibe chip cha USB chapadera, USB imachokera m'chip chachikulu. Pulogalamu yanu ikagoneka chip, port imasowa nayo. Gwirani batani la BOOT polowetsa chingwe, ibwerera. Ndipo ngati Serial Monitor, windo loonetsa zimene bolodi ikulemba, ili zii, yatsani USB CDC On Boot musanamange pulogalamu.

## 2. Port ilipo, koma pulogalamu ikukana kulowa

Pa ESP32, uthenga umakhala "Failed to connect", "No serial data received" kapena "Wrong boot mode detected".

1. Pulogalamu ina yagwira port. Tsekani Serial Monitor ndi mawindo ena onse.
2. Chip sichinalowe pokalandirira pulogalamu. GPIO0 iyenera kukhala pansi pamene chip chikudzuka. Gwirani BOOT, dinani EN kamodzi, siyani BOOT madontho akayamba kuyenda. Ngati muyenera kutero ulendo uliwonse, wotchererani capacitor ya 10 µF pakati pa EN ndi GND.
3. Sensa yakhala pa pini yolakwika. GPIO0, GPIO2 ndi GPIO12 zimawerengedwa podzuka. Yoopsa ndi GPIO12: ikakhala pamwamba, chip chimapatsa flash 1.8 V m'malo mwa 3.3 V, ndiye bolodi imangodzuka n'kugwa, kudzuka n'kugwa. Chotsani mawaya onse, yesani bolodi ili yokha.
4. Liwiro lachuluka. Tsitsani kuchoka pa 921600 kufika pa 115200.

Pa bolodi ya Blue Pill ya chip cha STM32F103 ndi ST-Link, kachida kolowetsera pulogalamu, onani kaye mawaya a SWDIO, SWCLK ndi GND. OpenOCD, pulogalamu yoyankhula ndi chip kudzera pa ST-Link, ikalemba "UNEXPECTED idcode: 0x2ba01477" pamene imayembekezera 0x1ba01477, chip chanu ndi chofanizira, monga CKS32. Chimagwira ntchito zambiri, koma muyenera kulemba `set CPUTAPID 0x2ba01477` musanaitane `stm32f1x.cfg`. Ngati pulogalamu yakale inalanda PA13 ndi PA14, kapena imagona ikangodzuka, sunthani jumper ya BOOT0 ikhale pa 1, dinani reset, fufutani, kenako ibwezeni pa 0.

## 3. Dzulo imamangika, lero compiler yakana

Ili ndi vuto limene limatidyera masiku, ndipo limabwera mwakachetechete. Simunakhudze mzere ndi umodzi womwe. Munangodina "update" pamene bokosi linatulukira, kapena mnzanu anatenga foda yanu n'kukaitsegula pa laputopu yake.

Core, paketi imene Arduino imagwiritsa pomangira chip chanu pulogalamu, yasintha. Mu 2024, Arduino core ya ESP32 inafika pa 3.0, yomangidwa pa ESP-IDF 5.1. Mayina ena anachotsedwa. `ledcSetup` ndi `ledcAttachPin` anasanduka `ledcAttach`, ndipo function yolandira uthenga wa ESP-NOW inasintha kalembedwe. Mukaona "was not declared in this scope" pa dzina lomwe linkagwira kale, tsegulani Boards Manager muone nambala. Njira ndi ziwiri: kubwerera pa 2.0.17, kapena kukonza pulogalamu kuti igwirizane ndi yatsopano. Ngati masensa ali kale pa matanki a anthu, ine ndimabwerera kaye. Kusamukira ku core yatsopano ndimakuchita pa bolodi ya pa tebulo, ndikakhala ndi sabata yoyesera.

Laibulale yasintha, kapena zilipo ziwiri. Werengani pamene palembedwa "Multiple libraries were found", muone imene yasankhidwa. Nthawi zambiri imakhala yakale imene munaiwala m'foda.

Compiler yasintha. Kuyambira GCC 10, variable yolembedwa mu header popanda `extern` imabweretsa "multiple definition of". Ma driver akale a wailesi ali nazo zambiri. Kukonza kwenikweni ndi kuika `extern` mu header n'kuilengeza m'fayilo imodzi yokha. `-fcommon` imangotseka pakamwa compiler kuti mupitirire. Pa laibulale ya wailesi ya LMIC ndi ESP32, uthenga womwewo ukatchula `hal_init`, mayina awiri awombana: onjezani `-D hal_init=LMICHAL_init`.

Mwasankha chip cholakwika. ESP32 yoyamba ndi ESP32-S3 ndi za Xtensa, ESP32-C3 ndi ya RISC-V, ndipo compiler zake n'zosiyana. Pa ESP-IDF yambani ndi `export.sh`, kenako `idf.py set-target`, ndipo zikasokonekera `idf.py fullclean`.

Magetsi anathima mukukopera. Ili ndi lathu lino la kuno ku Harare. Toolchain ya ESP32 imadya ma megabyte mazana angapo, ndipo magetsi kapena bandulo ikathera pakati, foda imatsala ndi theka la zida. Arduino imaona ngati zonse zilipo, koma pomanga imalemba kuti `xtensa-esp32-elf-g++` sikupezeka. Fufutani foda ya esp32 mu `Arduino15/packages`, kapena paketi yowonongekayo mu `.platformio/packages`, mukopere mwatsopano.

Ophunzira amene apatsidwa mabolodi akale a masensa a TelosB, a MSP430F1611 ndi wailesi ya CC2420, adziwe kuti Contiki-NG, pulogalamu yoyendetsa mabolodi otere, pa bolodi imeneyi imafuna msp430-gcc yakale ya 4.7, osati msp430-elf-gcc ya Texas Instruments. Chip chili ndi RAM ya 10 KB ndi flash ya 48 KB basi, ndiye uthenga wa "overflowed" ukutanthauza kuti pulogalamu yakula, muchotse zina. Docker image ya Contiki-NG imabwera ndi zida zogwirizana kale.

Chimene chinandichotsa m'mavuto onsewa ndi chosavuta. Ndimamangira pa PlatformIO, ndipo m'fayilo yake ya makonzedwe ya `platformio.ini` ndimalemba nambala yeniyeni ya platform ndi ya laibulale iliyonse, popanda chizindikiro cha `^` cholola kusintha. Tsiku limene sensa yakwera pa thanki, ndimakopera foda yonse ya `.platformio` pamodzi ndi fayilo ya `.bin` pa fulashi, n'kulemba tsiku ndi nambalazo ndi marker m'kati mwa chivundikiro cha bokosi. Wobwera kudzakonza pambuyo pa zaka ziwiri adzapeza poyambira.

## 4. Pulogalamu yalowa, koma chip cha wailesi sichikuyankha

Uthenga ndi "Starting LoRa failed!" kapena nambala -2 pa laibulale ya RadioLib. LoRa ndi mtundu wa wailesi yotumiza timauthenga kutali.

Choyamba, driver si wa chip chimenecho. Mnyamata wina wa ku Tafara anamanga sensa yoyeza madzi m'thanki ya malita 5,000 ya pa tchalitchi chawo, kuti amayi asamayende mtunda ndi zigubu n'kukapeza mulibe kanthu. Inagwira miyezi isanu. Mphezi ya mu Disembala itaiwononga, anagula ina m'tauni, dzina lomwelo, kasikirini komweko, mtundu womwewo woyera. Anabwera atasowa tulo mausiku awiri. "Amalume, ndagulitsidwa yakufa." Ndinamupatsa galasi lokulitsira ndi mabolodi onse awiri. Yakale inali ndi khomo la micro-USB, yatsopano la USB-C. Anawerenga pang'onopang'ono, SX1276 pa yakale, SX1262 pa yatsopano, n'kungoti kukamwa yasa.

Bolodi yakale, Heltec WiFi LoRa 32 V2, ili ndi ESP32 ndi chip cha wailesi cha SX1276, pamene yatsopano, V3, ili ndi ESP32-S3 ndi SX1262. Ma chip onsewa ndi a Semtech ndipo m'mlengalenga amamvana, koma pa mawaya amayankhula mosiyana kotheratu. SX1276 imalamulidwa polemba m'ma register, ndipo laibulale yodziwika yotchedwa LoRa imayamba ndi kuwerenga register 0x42 kuyembekezera 0x12. SX1262 imalandira malamulo, ili ndi pini ya BUSY yofunika kuidikira, ndipo laibulale ija siiidziwa n'komwe. Tinasamukira ku RadioLib, imene imadziwa onse awiri, ndipo tsiku lomwelo sensa inakwera.

Zina, motsatana:

2. Mapini. Pa V2: SCK 5, MISO 19, MOSI 27, NSS 18, RST 14, DIO0 26. Pa V3: NSS 8, SCK 9, MOSI 10, MISO 11, RST 12, BUSY 13, DIO1 14. Chitsanzo chimene munakopera chikhoza kukhala cha bolodi ina.
3. Mawaya. Pa SX1276 werengani register 0x42 nokha. Ikabwera 0x00 kapena 0xFF, ndiye kuti MISO, NSS kapena moto sizikufika. Ikabwera 0x22, muli ndi SX1272.
4. TCXO. RadioLib ikabweza -706 kapena -707 pa SX1262, yang'anani apa. Ma module ena ali ndi TCXO, crystal yapadera yofuna moto wake, yodyetsedwa ndi DIO3, ena ali ndi crystal wamba. Pa TCXO perekani voteji imene opanga module analemba, pa crystal wamba perekani 0.
5. SD card pa SPI yomweyo. Pini yake ya CS ikhale pamwamba musanaitane wailesi.
6. 5 V. Arduino Uno imatulutsa 5 V pa mapini, pamene ma chip awa ndi a 3.3 V. Ngati munalumikiza popanda level shifter, apa ndi pamene chip chingakhale chitapsadi.

## 5. Wailesi yayankha, yatumiza, koma uthenga sukufika

Ikani mabolodi awiri pa mtunda wa mamita angapo, onse ali ndi eriyo. Musatumize popanda eriyo, mungawotche chip.

Bolodi ndi bolodi:

1. Frequency, spreading factor, bandwidth ndi CRC zikhale zofanana mbali zonse. Musadalire zimene laibulale imaika yokha, lembani chilichonse.
2. Sync word. Pa SX1276, 0x12 ndi ya netiweki yanokha ndipo 0x34 ndi ya LoRaWAN. Pa SX1262 zofanana nazo ndi 0x1424 ndi 0x3444. RadioLib imatembenuza yokha mukaipatsa 0x12, ma driver ena satero.
3. Module ya bandi ina. SX1278 ya pa Ra-02 imalekera pa 525 MHz, ndi ya 433. Mukailembera 868 mwina siidandaula, koma sipatuluka kanthu.
4. Khomo lotulukira mphamvu. RFM95W imatulutsira pa PA_BOOST pokha. Pa SX1262 ma module ambiri amafuna DIO2 kuti itsegule RF switch. Mukaphonya apa, mabolodi amamvana ali pa tebulo limodzi, mukangotuluka panja basi.
5. Eriyo. SMA ndi RP-SMA zimamangika bwinobwino koma m'kati mulibe chokhudzana. Suzumirani: mbali imodzi ikhale ndi singano, inayo ndi bowo. Waya wowongoka wa 868 MHz ndi pafupifupi masentimita 8, wa 433 ndi pafupifupi 17.

Pa LoRaWAN, netiweki imene sensa imatumiza ku seva kudzera pa gateway, pamene join (kulowa mu netiweki) ikulephera:

1. Dera. MCCI LMIC imabwera itaikidwa pa US915. Sinthani kukhala `CFG_eu868` ngati gateway yanu ndi ya EU868. Dziwani kuti mukakweza laibulale, `lmic_project_config.h` imabwerera mwakale, n'chifukwa chake ndi bwino kuzilemba mu `build_flags`.
2. Makiyi. Mu LMIC, DevEUI ndi JoinEUI zimalembedwa chobwerera, byte yomaliza poyamba. AppKey imalembedwa mmene ilili.
3. Seva ikuona pempho n'kuyankha, koma bolodi sikumva. Yankho limabwera patatha masekondi 5, lachiwiri patatha 6 pa 869.525 MHz. DIO1 ikakhala yosalumikizidwa, kapena pulogalamu ili pa `delay` nthawi imeneyo, mwayi wadutsa. Wotchi ya chip ikamaphonya, `LMIC_setClockError` imatalikitsa nthawi yomvetsera.
4. DevNonce. Pa LoRaWAN 1.0.4 nambala iyi, imene imapita ndi pempho lililonse la join, imayenera kumakwera basi. Mukafufuta flash imayambiranso pa 0, seva n'kukana. Isungeni pamalo osafufutika, ndipo poyesa ifufuteninso ku seva.
5. Gateway ya tchanelo chimodzi. Sensa imasinthasintha pakati pa 868.1, 868.3 ndi 868.5 MHz, ndiye gateway yotere imamva mwa apo ndi apo. Ya SX1301 kapena SX1302 imamva matchanelo 8 nthawi imodzi.

## 6. Uthenga wafika, koma manambala ndi amisala

Thanki ya mamita awiri ikuoneka ngati ili ndi madzi a makilomita. Kawirikawiri munatumiza `struct` yathunthu kuchoka pa ATmega328P kupita pa ESP32. Pa ATmega `int` ndi ma byte 2 ndipo `double` ndi 4. Pa ESP32 ndi 4 ndi 8, komanso compiler imasiya mipata pakati. Gwiritsani `uint16_t` ndi `int32_t`, ndipo ikani ma byte m'uthenga imodziimodzi. Masentimita a madzi amakwana bwino mu `uint16_t`.

Pa STM32, `printf` ikasiya malo opanda kanthu pa nambala ya float, onjezani `-u _printf_float` pa linker. Pa ESP32 yoyamba, mapini a ADC2 sawerengeka Wi-Fi ili yoyaka, ndiye voteji ya batire muiyezere pa ADC1, GPIO32 mpaka GPIO39.

## 7. Pa tebulo imagwira, pa thanki imafa

Apa anthu amathamangira kusintha driver, pamene vuto ndi moto.

1. "Brownout detector was triggered." SX1276 pa +20 dBm imakoka 120 mA, ndipo Espressif amalangiza gwero la 500 mA pa ESP32. Fupikitsani mawaya, ikani capacitor yaikulu pafupi ndi bolodi.
2. Regulator. AMS1117 imafuna kuti moto wolowa upose wotuluka ndi volt imodzi kapena kuposa, ndiye batire la 18650 la 3.7 V silingaipatse 3.3 V yokhazikika. Musalumikizenso batire mwachindunji pa pini ya 3.3 V: lodzaza ndi 4.2 V, ESP32 imalekera pa 3.6 V.
3. Power bank imadzithimitsa bolodi ikagona.
4. Podzuka ku deep sleep ESP32 imayambira pachiyambi. Wailesi iyambitsidwenso, ndipo makiyi a session ndi frame counter zisungidwe, apo ayi seva itaya mauthenga.
5. Ikafa patatha masiku 49, onani mmene mukuwerengera `millis`, chifukwa imabwerera pa 0 patatha masiku 49.7.
6. Nyerere ndi chinyezi. Tsegulani bokosi. Mabowo a mawaya aloze pansi.

## 8. Pamene muyenera kusiya n'kuitana katswiri

- Chilichonse chokhudza magetsi a m'nyumba, inverter kapena pampu. Kuwerenga madzi ndi ntchito yathu, koma kulumikiza relay ku contactor ya pampu ya mjigo ndi ntchito ya wamagetsi wa ziphaso. Magetsi akathima musaganize kuti waya wafa, amabwera osagogoda.
- Eriyo ya pa denga kapena pa mlongoti. Kuyambira Novembala mpaka Malichi mphezi za kuno si zamasewera. Earth ndi chotetezera mphezi aike wodziwa, ndipo musakwere pa nsanja ya thanki muli nokha.
- Batire la lithium latupa, latentha kapena likununkha. Lichotseni, liikeni panja pa mchenga kutali ndi ana, musalitchajenso. Bokosi lakuda pa dzuwa la mu Okutobala limapitirira madigiri 45, ndipo pamenepo lithium sayenera kutchajidwa.
- Kuwonjezera mphamvu ya wailesi kapena kusintha bandi. Mafunde a wailesi muno mu Zimbabwe amayang'aniridwa ndi POTRAZ, monga MACRA ichitira ku Malawi. Musanagule amplifier, musanaike gateway ya malonda, kapena musanayatse module ya 915 MHz imene m'bale anakutumizirani kuchokera ku America, funsani iwo.
- Zosabwezeka. eFuse ya ESP32, malo a m'chip olembedwa kamodzi kokha, ikawotchedwa yawotchedwa, ndipo flash encryption kapena secure boot yoikidwa molakwika imakutsekerani kunja. Pa STM32L0, L4 ndi WL, readout protection ya level 2 imatseka SWD, njira imene ST-Link imalowera m'chip, mpaka kalekale. Mukaona lamulo la `espefuse` m'malangizo amene simukuwamvetsa, imani pomwepo.
- Bolodi ikutentha musanalowetse pulogalamu, kapena multimeter ikulira pakati pa 3.3 V ndi GND. Ichotseni pa laputopu msanga isanawononge khomo la USB.

Popita kwa katswiriyo tengani bolodi, chingwe chimene mumagwiritsa, eriyo, batire ngati silinatupe, kope la manambala a ma chip ndi a core, ndi uthenga wonse wa compiler kuyambira mzere wofiira woyamba. Ambiri amajambula mzere womaliza wa "exit status 1", koma umenewo umangonena kuti kumanga kwalephera, chifukwa chake chimakhala pamwamba.